Sewero la wandale wophedwa: anatsegula chitseko ndani?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wa sekondale ku Ulongwe, m'boma la Angónia:

"Ndalemba sewero loti ana anga a sukulu asewere pa chikondwerero cha 25 Juni. Pothawa mikangano ya zipani ndapeka dziko langalanga, lolamulidwa ndi mfumu yaikulu. Muli mnyamata wa m'banja losauka amene waphunzira kunja, wabwerako n'kuyamba kulalikira kuti ufumu uthe, dziko likhale lipabuliki, anthu azisankha okha wowalamulira. Mfumu ikutuma msilikali kukamuwombera pamsonkhano, anthu akulira, sewero lathera pomwepo. Aphunzitsi anzanga ataliwerenga akuti ndi lozizira, silikugwira mtima. Ndalakwitsa pati?"

Aphunzitsi, mwachita bwino kutumiza sewero lonse pamodzi ndi funsoli. Ndaliwerenga kawiri. Anzanuwo sakunama, komabe kuzizirako sikukuchokera m'chiyankhulo. Chinyanja chanu n'chokoma, ndipo nyimbo ya maliro imene mwaiika kumapeto ija musaikhudze ngakhale liwu limodzi. Chavuta ndi chakuti mnyamata wanuyo waphedwa ndi mlendo. Msilikali womuwomberayo sitinamuonepo m'sewero monse, sanadye naye nsima, alibe naye mangawa, wangotulukira, waomba mfuti, wathawa. Imfa yotere ili ngati ya munthu wosamudziwa amene wagundidwa ndi thiraki pamsewu wa ku Zóbuè: okwera chapa amati "mayo ine", amapukusa mitu, akafika pa Moatize ayamba kale kukamba za mtengo wa feteleza.

Andale a kuno ku Africa amene anaphedwa, ambiri mwa iwo chitseko chinatsegulidwa ndi munthu wa m'nyumba momwemo.

Yambani ndi Eduardo Mondlane, mtsogoleri woyamba wa Frelimo, amene timamukumbukira pa 3 Febuluwale chaka ndi chaka. Tsiku limenelo mu 1969, ku Dar es Salaam, iye anatenga makalata ake n'kupita nawo kunyumba ya mnzake kumene ankakonda kugwirira ntchito popanda phokoso. Pakati pa makalatawo panali phukusi la buku. Atalitsegula, bomba linaphulika. Zala zinaloza PIDE, apolisi achinsinsi a Apwitikizi, ndipo palibe anadabwa. Koma inu monga wolemba sewero muli ndi mafunso ena. Anadziwa bwanji kuti bamboyu phukusi la mabuku amatsegula yekha? Phukusilo linadutsa m'manja mwa yani lisanafike kwa mwini wake? Chaka cham'mbuyo, mu 1968, ofesi ya Frelimo mumzinda womwewo inali itaukiridwa ndi Amozambiki anzawo, ndipo mkulu wina wa chipanicho, Mateus Muthemba, anafa ndi mabala a tsiku limenelo. Mondlane atamwalira, wachiwiri wake Uria Simango sanathe chaka ali mu utsogoleri, ndipo mu 1970 Samora Machel ndiye anakhala pampando. Sindikuloza munthu chala pano ayi. Ndikungoti bomba lija linagwa m'nyumba imene munali mukufuka kale utsi.

Za Amílcar Cabral, mtsogoleri wa nkhondo yomenyera ufulu ku Guiné-Bissau, ndiye zili poyera. Anamuwombera usiku wa pa 20 Januwale 1973, ku Conakry, pakhomo pa nyumba yake, mkazi wake akuona. Wowomberayo, Inocêncio Kani, anali msilikali wa chipani chake chomwe cha PAIGC. Apwitikizi anangopeza poyambira: m'chipanimo munali kudandaula kwakuti amene akufera kutchire ndi a ku Guiné pomwe maudindo akuluakulu ali ndi a ku Cabo Verde. Ku Burkina Faso, pulezidenti Thomas Sankara ataphedwa pa 15 Okutobala 1987 pamodzi ndi anthu ake 12, amene anatenga boma madzulo omwewo anali Blaise Compaoré, bwenzi lake la ponda apa nane mpondepo.

Zimenezi kwa anthu a kwathu si zachilendo. Maliro akagwa pamudzi, manong'onong'o sapita kwa munthu wodutsa mumsewu, amapita kwa wachibale. Owonera anu anakula akumva zimenezo, ndiye makutu awo akudikira kumva dzina la wachibale ameneyo, inu simunawapatse.

Msilikali wanu musamutaye. Onani zimene zinachitika ku Burundi. Louis Rwagasore, mwana wa mfumu Mwambutsa, anapambana chisankho mu Seputembala 1961 nakhala nduna yaikulu. Pa 13 Okutobala chaka chomwecho akudya chamadzulo m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika, Mgiriki wina anamuwombera. Anali mlendo, inde. Koma khoti linapeza kuti omutuma anali ana a mfumu ina yochokera m'nthambi ina ya banja lachifumu lomwelo, ndipo iwowa anapachikidwa mu Januwale 1963. Rwagasore sankafuna kuthetsa ufumu monga mnyamata wanu, koma imfa yake ikuonetsa mmene dzanja logwira mfuti limasiyanirana ndi mlomo wolamula. Choncho msilikaliyo akhalepo, koma pakhale wina amene wamuuza kuti mnyamatayo adzatulukira khomo liti, nthawi yanji, ndipo wina ameneyo tikhale titamuona kuyambira pachiyambi akunyamula chikwama cha mnyamatayo, akumuombera m'manja, mwinanso akumukondadi.

Tsopano za mfumu yanu. Mwaipeputsa kwambiri. M'sewero monse ikungodya, kuseka ndi kulamula kuti anthu amenyedwe. Mfumu yotere ndi ya m'nthano za kalulu ndi fisi. Kumbukirani amene adzakhale pamabenchi tsiku limenelo: anyakwawa, agogo ochokera ku Domwe kumene Angoni a Maseko anakhazikika, anthu amene akudziwa kuti Gomani anaphedwa ndi Angelezi mu 1896, ena amene mwezi wa Ogasiti uliwonse amaoloka malire kupita ku Mkaika ku Katete kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi, yemwe makolo ake ankalamulira ali ku Mano, kuno ku Tete komwe. Munthu wa ku Macanga kapena ku Chifunde akamva kuti ufumu uthe, m'mutu mwake simubwera chisoti chagolide. Amaganiza za munda wake: m'bale wanga akasuntha malire, adzatiweruza ndani? Mwana akamwalira, manda adzapereka ndani? Nanga mzinda ndi gule wake zidzakhala m'manja mwa yani?

Ndipo dziko lathu linalawako kale zimenezi. Titalandira ufulu mu 1975, boma linachotsa mafumu, ma régulo, ponena kuti anali zida za atsamunda. Mlanduwo sunali wabodza wonse, pakuti ambiri a iwo ndiwo ankatolera msonkho ndi kugwira anthu a chibalo mothandizana ndi asipayi. M'malo mwawo munalowa ma secretário ndi ma grupos dinamizadores. Koma kumidzi kwambiri anthu anapitiriza kupita kwa mfumu usiku, ndipo pa nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, Renamo inapezerapo mwayi pa mkwiyo wa mafumu ochotsedwawo. Mabanja ambiri a ku Angónia ndi Tsangano anathera zaka zimenezo ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mu 2000 boma linatulutsa lamulo la Decreto 15/2000 lozindikiranso mafumu, ndiye lero mumawaona pa zikondwerero atavala yunifolomu. Ku Uganda nako Milton Obote anathetsa maufumu mu 1967, mu 1993 n'kubwezeretsedwa. Agogo a ana anu a sukulu anaziona zonsezi ndi maso awo. Mukawauza kuti wothetsa ufumu ndi mngelo ndipo mfumu ndi satana, adzangokuyang'anani mwaulemu.

Ipatseni mfumuyo chigawo chimodzi choti iyankhule zomveka. Inene kuti chaka cha njala ndi nkhokwe yake imene inadyetsa amasiye. Ifunse kuti wosankhidwa ndi mavoti akaba, adzachita manyazi pamaso pa mizimu ya yani. Owonera akafika poti "komatu amfumuwa akunena zoona", ndiye kuti sewero lanu layamba kutentha, chifukwa mnyamata uja tsopano akufunika kutuluka thukuta kuti atikope.

Langizo limene ndikuliona kuti lingasinthe zonse ndi ili: mnyamatayo asakhale wa m'banja losauka. Akhale mwana wa mlongo wake wa mfumu. Pa Chichewa ufumu umayenda kuchikazi, ndiye iyeyu ndi amene mbumba ikuyembekeza kudzamulonga ufumu atsibweni ake akadzapita. Mwina ndi atsibweni akewo amene anagulitsa ng'ombe kuti iye akaphunzire kunja. Ndiye wabwerako n'kuima pabwalo kunena kuti mpando umenewu uthe. Mwaona kusiyana kwake? Wosauka akanyoza ufumu anthu amati ndi nsanje. Wolowa ufumu akaukana, mudzi wonse sugona. Mayi ake ali pakati, uku mchimwene wawo, uku mwana wobala okha. Msuweni amene akanakhala wachiwiri pamzere tsopano waona mwayi. Mfumu nayo siyenera kunena kuti "kamupheni". Ingodandaula pamaso pa nduna zake kuti mwana uyu wandivula, kenako n'kukhala chete. Anthu ozungulira wolamulira amadziwa kumasulira kukhala chete koteroko, ndipo mawa lake mfumuyo ikhoza kulira misozi yeniyeni pamaliro. Mondlane naye anali mwana wa mfumu ya ku Manjacaze, anaweta ziweto ali mwana asanaone sukulu, ndiye simukhala mukupeka chinthu chosachitika.

Liwu lakuti lipabuliki nalo mwaligwiritsa ntchito ngati mankhwala ochiza nthenda zonse. Mnyamata wanu akulitchula kasanu ndi kawiri m'mawu ake omaliza, ndawerenga. Ana amene amaona "República de Moçambique" pa ziphaso tsiku ndi tsiku salimva kulemera. Mbiri ya Apwitikizi omwe ikhoza kukuthandizani pano. Pa 1 Febuluwale 1908 mfumu Carlos ndi mwana wake wamkulu anawomberedwa mumzinda wa Lisboa. Pa 3 Okutobala 1910 dokotala wa odwala misala, Miguel Bombarda, mmodzi wa atsogoleri a ofuna lipabuliki, anawomberedwa mu ofesi yake ndi munthu amene anali wodwala wake. M'misewu anthu sanafune kumva za wodwalayo, anati ndi a ufumu amupha, ndipo usiku womwewo kuukira kumene kunali kutakonzedwa kale kunayamba. Pa 5 Okutobala ufumu unagwa, mfumu Manuel inathawira ku England. Taonani pamenepo: chimene anthu anakhulupirira za imfayo chinagwira ntchito kuposa chimene chinachitikadi.

Nanga kuno ku Zambezi chinasintha n'chiyani? Chibalo chinapitirira, msonkho unapitirira. Nkhondo ya ku Báruè ya mu 1917, imene inafalikira mpaka madera a Tete ndi Zumbo, inabuka pansi pa boma la lipabuliki lomwelo, anthu atatopa ndi kugwidwa kukalambula msewu ndi kukanyamula katundu wa nkhondo ya azungu. Ndipo ife a ku Angónia tisadzitame kwambiri, poti Angoni ambiri analembedwa ndi Apwitikizi kukathandiza kuzimitsa moto umenewo. Ku Lisboa nakonso a lipabuliki anayamba kudyana okhaokha. Usiku wa pa 19 Okutobala 1921 galimoto inazungulira mumzinda kutola anthu m'nyumba zawo, ndipo mwa ophedwa munali nduna yaikulu António Granjo ndi Machado Santos, msilikali amene anthu ankamutcha tate wa lipabuliki chifukwa cha zimene anachita mu 1910. Anamupha ndi asilikali a boma limene iye anathandiza kulibala.

Ndiye m'sewero mwanu muike mayi mmodzi wogulitsa mbatata kapena kabichi pamsika, amene adzamufunse mnyamatayo pamaso pa gulu kuti, "Achimwene, lipabuliki yanuyo ikabwera, msonkho wa pamsika pano udzatha?" Mnyamatayo asakhale ndi yankho lokonzeka. Achite chibwibwi pang'ono. Owonera adzamukonda chifukwa cha chibwibwi chimenecho kuposa masamba atatu a ulaliki amene mwamulembera, ndipo masamba atatuwo atsale theka la tsamba.

Zofooka zina mumupatse ndithu. Mwina Chinyanja chake chalowa dzimbiri, akafuna kunena za mumtima amathawira ku Chipwitikizi, achinyamata n'kumaombera m'manja pomwe akuluakulu akungoyang'anana. Mwina anakwatira mkazi wa kutali, monga Mondlane amene mkazi wake Janet anali mzungu wa ku America, ndipo adani ake m'chipani sanaleke kumunena nazo. Mwina ndi wosamva: amuchenjeza katatu kuti usagone kunyumba kwako, iye n'kuseka. Andale ambiri ophedwa anachenjezedwa.

Chomaliza chachikulu ndi pamene mwathera. Mwatseka sewero pa kulira kwa mfuti, pomwe nkhani za mtundu uwu zimayamba kukoma m'mawa mwake, boma likatsegula pakamwa. Patrice Lumumba, nduna yaikulu yoyamba ya dziko la Congo, anaphedwa ku Katanga pa 17 Januwale 1961 pamodzi ndi Maurice Mpolo ndi Joseph Okito. Panapita pafupifupi mwezi dziko lisanauzidwe, ndipo chimene linauzidwa ndi chakuti atatuwa anathawa m'ndende n'kuphedwa ndi anthu a m'mudzi wina. Thupi lake analisungunula, kunangotsala dzino limene dziko la Belgium linabweza kwa ana ake mu 2022. Chikalata cha imfa ya Sankara chinalembedwa kuti wafa imfa yachilengedwe. Mlandu suwola: mu 2022 khoti la asilikali ku Ouagadougou linagamula kuti Compaoré akhale m'ndende moyo wake wonse, ngakhale mwini wake anali kunja kwa dziko.

Chitsanzo chapafupi kwambiri ndi ife chili kungodumpha malire pa Zóbuè. Mu Meyi 1983 nduna zitatu za boma la Malawi, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anapezeka atafa m'galimoto ku Thambani m'boma la Mwanza. Boma linati ndi ngozi ya pamsewu. Anthu anakhala ndi mawu amenewo m'kamwa zaka 11, aliyense akudziwa zimene sangathe kunena. Boma litasintha mu 1994, kafukufuku anapeza kuti anayiwa anachita kuphedwa ndi apolisi, galimotoyo n'kukankhidwira kuphompho. Dr Kamuzu Banda anazengedwa mlandu umenewu mu 1995, khoti linamupeza wosalakwa. Akuluakulu ambiri a ku Ulongwe ankamvera wailesi ya Malawi masiku amenewo, ena anali komweko. Mukangoika wolengeza pa wailesi m'sewero mwanu akuti "wamwalira pa ngozi ya galimoto", mudzamva mabenchi akung'ung'udza okha.

Ndikanakhala ine, kuphako sindikanakuonetsa n'komwe. Ana a sukulu akagwira mfuti yamtengo, wina n'kugwa pansi akuphiriphitha, anzawo amaseka, ndipo chisoni chonse chimene mwamanga chimathera pomwepo. Mnyamatayo angotuluka ndi mnzake womunyamulira chikwama uja madzulo, mayi ake atamuletsa. Chigawo chotsatira chikhale cha wailesi. Kenako mutitengere kwa adzukulu. Iwowa ndiwo amasambitsa thupi, ndiwo amaona chimene boma silinafune kuti chionedwe. Adzukulu awiri ali m'nyumba ya siwa, wamkulu wavundukula nsalu, wayang'ana kumbuyo kwa mutu, waphimbanso. Wamng'ono akufunsa kuti galimoto imavulaza chonchi? Wamkulu akumuuza kuti tenga khasu tizipita, dzuwa lakwera. Pa Chichewa adzukulu ali ndi ufulu wa nthabwala pamaliro umene wina aliyense alibe, ndiye mukhoza kuika choonadi chonse m'kamwa mwawo ngati macheza, pamaso pa mfumu yomwe, popanda wowagwira.

Pamanda ayankhule ndi mnzake uja. Amutamande kwambiri, alonjeze kuti sukulu ya m'mudzimo idzatchedwa dzina la malemuyo. Zimenezi si zokokomeza: mu 1966 Mobutu, amene anathandiza kupereka Lumumba kwa adani ake, ndiye analengeza kuti Lumumba ndi ngwazi ya dziko. Mayi a malemuyo akhale pansi osalira, akungomuyang'ana woyankhulayo. Nyimbo yanu ija iyambire pamenepo.

Zoti mwapeka dziko lanulanu ndikugwirizana nazo. Mabala a kuno ndi aawisi. Mahamudo Amurane, meya wa Nampula, anawomberedwa pa 4 Okutobala 2017, tsiku lokumbukira mtendere lenilenilo, ndipo mu Okutobala 2024 loya Elvino Dias ndi Paulo Guambe anaphedwa ali m'galimoto ku Maputo. Ana a sukulu si oyenera kusenza katundu ameneyo pamaso pa akuluakulu a boma. Koma dziko lopeka lisakhale dziko la m'malere. Lanu lilibe mvula, lilibe msika, sitikudziwa ngati anthu ake amalima chimanga kapena amapha nsomba. Lipatseni phiri limodzi, mtsinje umodzi wovuta kuoloka m'dzinja, malire amene anthu amadutsa ndi njinga kukagulitsa mbatata. Dzina la dzikolo lisinthidwe, chifukwa limene mwasankhalo likumveka ngati la chipani china, ndipo nsalu zimene ana adzavale zisakhale zofiira kapena za mtundu uliwonse umene anthu auzolowera pa misonkhano ya kampeni. Aphunzitsi aakulu awerenge sewero lonse musanayambe kuphunzitsa ana mawu, osati sabata yomaliza.

Pa nthawi, mphindi 40 zikukwanira. Kuti adzukulu ndi mayi wa pamsika apeze malo, chotsani chigawo chachiwiri chonse, chija mnyamatayo ali kunja akulembera mayi ake makalata. Kalata imodzi yokha itsale, ndipo aiwerenge ndi atsibweni ake mokweza pabwalo, poti mayiwo sadziwa kuwerenga.